Pijo ya a Sichali

Pa boma la Chitipa panalibe munthu wosadziwa kuti a Jameson Sichali ali ndi galimoto, komanso panalibe amene anaionapo ikuyenda. Inali Pijo yapikapu, yakale kuposa ana awo onse. Anaigula ku Karonga itafa kale, ndipo pakhomo inalowa ikukokedwa ndi ng'ombe. Anaikhazika pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, n'kulowa kunsi kwake ndi sipanala. Kuyambira pamenepo, ukapita kukawaona unkapereka moni kwa mapazi.

Ine ndinabwera kuno kuchokera ku Ntcheu kudzaphunzitsa, n'kupeza nyumba yoyandikana ndi yawo. Kuno aphunzitsi amawatchula kuti asambizgi. Tsiku loyamba ndinafunsa mapaziwo kuti galimotoyi idzayenda liti.

"Asambizgi, yatsala pachoko waka," anayankha mawu ochokera pansi, kutanthauza kuti yatsala pang'ono chabe. "Mwezi wa mawa muzamuona."

Mwezi wa mawa umenewo ndinaudikira mpaka ana amene ndinawaphunzitsa sitandade wani anayamba kundibweretsera ana awo.

Musaganize kuti anali mbuli pa ntchito. Injini ankaidziwa ngati thumba la malaya awo. Ankakwera basi mpaka ku Tunduma, ku Tanzania, kukasaka kabuleta, n'kubwera ataikulunga m'chitenje ngati khanda. Vuto linali limodzi: mkuluyu pakamwa pake panalibe mawu akuti ayi. Chitsulo chikangomangidwa pa Pijo, mawa lake wina ali pakhomo kuodira.

"Odi, adada. Kutchalitchi magetsi athima, ndiye kwaya..."

"Tengani batire, a Welcome. Mubweze Lolemba."

A Welcome, mkulu wa kwaya, Lolemba lawo silinkafika. Mpando wakutsogolo unakhalidwa ndi akwati a m'tauni muno osawerengeka, chifukwa unali wofewa kuposa mipando ya kuholo. Jeke inali kuchigayo. Hutala anaibwereka a timu ya mpira, ndipo ikalira kubwalo a Sichali ankatulutsa mutu kunsi kwa galimoto n'kumwetulira.

"Mwaimva? Imeneyo ndi yanga. Mawu ake ngabwino."

Ine zinkandipsetsa mtima. Ndinawauza kuti anthuwa akuwadyera masuku pamutu.

"Asambizgi, galimoto yanga ikuyenda kuposa zonse pa Chitipa pano," anatero. "Kungoti ikuyenda padera padera."

Tonse tinkaseka, kupatula mayi a kunyumba kwawo, a Dailesi Nakayange. Iwowa kwawo ndi ku Misuku, kufupi ndi nkhalango ya Mughese. Atakwatiwa anatsika mapiri onse aja wapansi, katundu ali pamutu, mpaka mapazi anachita matuza. Tsiku limenelo mwamuna wawo anawalonjeza kuti adzabwerera kwawo kukaona abale atakhala kutsogolo, m'galimoto yawoyawo. Mayiwo analigwira lonjezolo ndi manja awiri. Mpando uja ukabwerako ku ukwati, a Sichali ankawanyengerera kuti angoulawa.

"Khalanipo waka, a Nakayange, mumve kufewa."

"Yayi. Ine ndidzakhalapo matayala akuzungulira."

Chaka china zinatsala pang'ono kutheka. A Sichali anayenda khomo ndi khomo kutolera zitsulo zawo, ndipo Loweruka lina m'mawa Pijo inatsika pa njerwa. Inatsokomola, n'kutulutsa utsi umene unathamangitsa nkhuku za mudzi wonse, kenako inalira bwinobwino. A Dailesi anatuluka atavala chitenje chatsopano, m'manja muli shuga ndi sopo wa abale. Asanagwire chitseko, anatulukira a Esau Simwaka, mlimi wa kuseri kwa phiri, thukuta lili kamukamu. Mwana wawo wamkazi anali atayamba kumva kupweteka kwa uchembere, ndipo tayala la ngolo linali litaphulikira panjira. Msewu wa kwawo ndi wa ng'ombe zokha, galimoto singadutse.

A Sichali anayang'ana akazi awo. A Dailesi anaika shuga uja pansi, n'kutola sipanala, n'kupatsa amuna awo.

"Masulani tayala. Mwana wa eni angafere panjira."

Mwanayo anachira, khanda linabadwa, koma tayala linakhalira ku ngolo. Batire nayo inabwerera kukwaya, ndipo Pijo inakweranso pa njerwa zake.

Chaka chatha a Sichali anayamba kudandaula chifuwa. Mapazi aja tinasiya kuwaona. Nditapita kukawazonda kuchipatala, anandikoka dzanja kuti akazi awo asamve.

"Asambizgi, mayi aja ndawanamiza. Ku Misuku sindinawafikitse."

Ndinawauza kuti mwezi wa mawa adzawafikitsa. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo patangopita masiku ochepa anatisiya.

Pa tsiku la maliro palibe amene anamema anthu. Tinangoona a Welcome akubwera ndi batire pamutu. A kuchigayo anabwera ndi jeke, a mpira ndi hutala, a Esau akugubuduza tayala, maso ali ofiira. Amakanika a pamsika anamanga zonse mwakachetechete. Atapotokola kiyi, Pijo inangoti zii. Anayesanso, osatheka. Mwini wake yekha ndiye ankadziwa poigwira.

"Tikankha," anatero a Esau.

Bokosi tinaliika kumbuyo. A Dailesi anatuluka m'nyumba ya siwa atagwiriziridwa ndi amayi awiri, anaima pang'ono, kenako anatsegula chitseko n'kukhala pa mpando uja. Tinakankha tonse mpaka kumanda, kwaya ikuimba pambuyo. Ine ndinali pafupi ndi zenera lawo, ndipo ndinawamva akuyankhula motsitsa, osacheuka.

"A Sichali, mpando ngwofewadi. Koma Misuku si uku."

Ndinalira ngati mwana, manja ali pa chitsulo.

Lero Pijo ili pansi pa mango paja, yathunthu, matayala onse anayi ali pansi. Magetsi akathima kutchalitchi, kwaya imangoimba ndi pakamwa. Palibe amene amalimba mtima kukaodira pakhomo paja. Sabata yatha ndinawapeza a Dailesi akuipukuta fumbi, ndipo ndinawayamikira kuti galimoto ikuoneka bwino, palibe chosowa.

"N'chimene chikundipweteka, asambizgi," anatero. "Kawauzeni a Welcome adzatenge batire. Ikakhala yathunthu chonchi, ndimadziwa kuti eni ake kulibe."