A Pakonapo ndi Alendo a pa Intaneti

A Pakonapo, okonza maambulera aja, anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: kuperekeza. Ambulera ankaikonza msanga, koma kutsanzikana nawo inali ntchito ya tsiku lonse. Ankavula epuloni, n'kukoka chitseko, amvekere, "Tiyeni ndikusiyeni pakonapo." Dzinalo linachokera pomwepo. Koma kona yakeyo sinkafika. Mukadutsa yoyamba, ankati amanena inayo. Mphunzitsi wina anaperekezedwa mpaka m'basi, mpaka pakhomo pake, ndipo chifukwa cha manyazi nayenso anayamba kuwaperekeza pobwerera. Akuti anathetsa nkhaniyo ndi mkazi wa mphunzitsiyo, pomubisira mwamuna wake nsapato.

Mwana wawo wotsiriza, mtsikana wokonza mafoni yemwe aliyense ankangomutchula kuti Chitsiriza, anakula akuchita manyazi ndi khalidwe limeneli. Manyaziwo anasanduka nkhawa chaka chimene siteji ya basi inasamutsidwira kuseri kwa msika. Kanjira ka kushopu kanangoti zii. Bambo ake ankaswera pakati pa nthiti za maambulera, kukonza zokonza kale, maso ali pakhomo. Kenako achimwene ake a Chitsiriza, munthu wa tayi wogwira ntchito mu ofesi, anabwera ndi chigamulo.

"Ababa, mvula ikayamba zinthu zikadali chonchi, shopu titseka. Mudzapume kwathu."

"Ndipume? Ndanyamula chiyani?"

Anayankha moseka, pulayala ali m'manja, koma Chitsiriza sananamizike. Anadziwa kuti kuwatsekera shopu kunali kuwakwirira amoyo.

"Ababa, ndikupangirani webusayiti. Anthu azikupezani pa foni."

"Izikhala kuti, mayi?"

"Pali makampani osunga mawebusayiti, amati hositing'i. Zili ngati kuchita lendi."

Pamenepo mtsikana analakwitsa. A Pakonapo anakalambira m'nyumba za lendi, ndipo malandilodi ankawadziwa ngati zala zawo. Analamula kuti kampani iliyonse ayankhule nayo okha.

Yoyamba inali yaulere, koma inkaika zotsatsa zake pa tsamba la munthu. "Pakhomo panga azigulitsirapo mankhwala a dazi, ine mwiniwake dazi lili mbee? Dula foniyo!" Yachiwiri inafotokoza kuti pa mtengo wotsika mawebusayiti ambiri amagawana malo amodzi. "Chabwino, anansi athu akhala ndani? Samwa mowa? Nanga bafa ndi limodzi?" Mnyamata wa kumeneko anatsamwa ndi malovu. Ku kampani yachitatu kunayankha makina. A Pakonapo anawapatsa moni, makinawo n'kuwauza kuti adinde wani. Anawapatsanso moni, makina n'kubwereza zomwezo. "Wamwano ameneyu. Kwawo kulibe akuluakulu."

Ku yachinayi kunayankha mayi wa mawu odekha.

"Mayi, katundu wathuyu mukamusunga pati?"

"Mumtambo, bambo."

Chitsiriza anatseka maso kudikira ndewu. Koma bambo ake anadzuka pampando, maso ali ngwee.

"Wamva, mwanawe? Mumtambo! Komwe kumachokera makasitomala anga! Mayi, mundiike pafupi ndi potulukira mvula."

Mayiyo anaseka, n'kufotokoza bwinobwino kuti mtambowo ndi makompyuta ambiri ogwirira ntchito pamodzi, kuti amasunga kope lina kuopa ngozi, ndiponso kuti alendo akachuluka munthu amasamukira m'malo aakulu. Ndiye inafika nthawi yotsanzikana. Lamulo la ntchito silinkamulola mayiyo kudula foni kasitomala asanadule, ndipo a Pakonapo chibadwire anali asanayambepo kusiya munthu panjira. "Zikomo, bambo." "Zikomo ndithu, mayi." "Tsiku labwino." "Inunso, ndi ana omwe." Zinapitirira choncho mpaka mayunitsi anatha.

"Uyu ndi woleredwa," anatero akupukuta thukuta. "Tikhala kwa ameneyu."

Webusayiti itatseguka, kanjira konse kanadziwa. Adiresi yake a Pakonapo anailemba ndi penti mkati mwa ambulera iliyonse, kuti munthu akangoyang'ana kumwamba awerenge. Anailemba pa chipewa chawo, pa wilibala ya wogulitsa makala, ndi pa nsana wa epuloni. Woperekezedwa aliyense tsopano ankaloweza adiresiyo njira yonse ngati mwana wa sukulu, ndipo akaphonya kadontho ankabwerera naye kukayambira pa shopu.

Tsiku lina Chitsiriza anawaonetsa pa foni kuti alendo ayamba kulowa. A Pakonapo anavina mpaka kugwetsa chitini cha misomali. Kenako anafunsa kuti alendowo ali kuti tsopano.

"Apita, ababa. Amangoona pang'ono n'kutuluka."

"Wawaperekeza ndani?"

"Pa intaneti saperekeza."

"Mwanawe, ukundichititsa manyazi dziko lonse! Munthu alowe kwa ine, atuluke yekha ngati wakuba?"

Anakana kudya mpaka nkhaniyo ikonzedwe. Chitsiriza, mokwiya ndithu, anawajambula kanema. Iye ankayenda chobwerera m'mbuyo foni ili m'manja, bambo ake akumutsata, akuyankhula ndi foniyo mwaulemu wonse: "Zikomo potiyendera. Tiyeni ndikusiyeni pakonapo. Samalani ngalandeyo. Ayi, osati kona iyi, inayo." Batire linatha iwo asanatsanzike. Chitsiriza anaika kanemayo pansi pa tsamba, akuganiza kuti palibe adzamuonere.

Abale, anthu anatumizirana kanemayo ngati moto wolusa! Ena ankaonera mpaka kumapeto kuti aone ngati konayo ifike. Ndipo m'mawa umene mvula yoyamba inagwa, webusayiti nayo inagwa chifukwa cha kuchuluka kwa alendo. Mtima wa Chitsiriza unangoti phwii, chifukwa tsiku lomwelo achimwene ake ankabwera ndi galimoto kudzanyamula katundu.

"Walira mvula walira matope," anatero a Pakonapo, nkhope ili mwee, akuimba foni. "Mayi, nyumba ija yagwa! Alendo athyola khonde! Tipatseni yaikulu, ya zipinda zambiri!"

Mayi uja anawasamutsa madzi a tiyi asanawire. Achimwene pofika analephera kulowetsa galimoto m'kanjirako. Anthu anali ndondondo, maambulera othyoka m'manja, ena akuoneka kuti athyola dala kuti adzaperekezedwe. Achimwene asanatsegule pakamwa, bambo awo anawapachika maambulera pamkono.

"Gwira apa, bwana. Ndikusiya shopu m'manja mwako, ndingowasiya mayi awa pakonapo."

Anabwerako dzuwa litapendeka, atanyowa chifukwa ambulera yawo anabwereka mayi aja. Za kutseka shopu sizinatchulidwenso.

A Pakonapo anagwira ntchito nyengo zingapo za mvula, osangalala ngati mwana. Kenako miyendo inayamba kukana. Ankafika pa kona yoyamba n'kuima, atatsamira khoma, akupepesa mlendo ngati amulakwira kwambiri. Chitsiriza, yemwe kale ankabisala bambo ake akamadutsa ndi alendo, analira tsiku limene anawaona akutsanzika munthu ali chikhalire pampando. Bambo akewo anamwalira chilimwe chisanathe.

Masiku ano kanjira kaja kafupika. Anthu amadutsa mofulumira, aliyense maso pa foni yake, ndipo amafika kwawo msanga popanda nkhani yokafotokoza. Mvula ikamagwa m'pamene pamawawa kwambiri.

Patapita milungu ingapo bambo ake atamwalira, Chitsiriza anapita kushopu kuti akalongedze katundu ndi kutseka webusayiti. Anapeza chitseko chili chotsegula. Achimwene ake anali pampando wa bambo awo, tayi ali m'thumba, epuloni pamimba, chala chikuchucha magazi, akulimbana ndi ambulera ya gogo wina amene ankawayang'ana mokayikira.

"Achimwene, mukuiwononga ambulerayo. Si inu munkati titseke?"

Sanadzutse mutu. Anapukuta maso ndi mkono wa malaya.

"Tseka pakamwa pakopo, iwe. Ndipatsire pulayala."