Katundu wa Piyusi ndi Nguluwe ya Kuphiri

Mwambi wa pusi uja, adzukulu inu, chiyambi chake n'chotere. Musamamvere anthu amene amati unachokera kwa pusi wa m'mitengo. Pusi ndi nyama yochenjera, sangachite zopepera ngati zimenezi. Anali munthu wa ndevu zake, dzina lake Piyusi, koma poti amayi okalamba lilime linkawakanika, ankangomutchula kuti Pusi.

Piyusiyo anali mkamwini m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri, kwathu ku Dedza. Chaka chimenecho nguluwe zinavuta. Zinkatsika kuphiri n'kufukula chinangwa, ndipo munda umene zinaukonda kwambiri unali wa apongozi ake aakazi. Mlamu wake Gilibati, mchimwene wa mkazi wake, anamema amuna kuti akagone kuphiri komweko, akazisake.

"Alamu, konzekani. Loweruka tikunyamuka," anatero Gilibati.

"Kukonzeka kwanga si ngati kwanu," anayankha Piyusi. Fodya anali atagulitsa bwino, ndiye mapewa anali m'mwamba. "Inu mumapita kutchire ngati mukupita kukapempha. Mudzaonera ine."

M'mawa mwake anatengana ndi mkazi wake Esinati kupita kumsika, kwa mnyamata wina wogulitsa kaunjika wa zinthu zakunja. Mnyamatayo atangoona mayendedwe a Piyusi anadziwa kuti lero Mulungu wamukumbuka.

"Bwana, tenti iyi amagonamo azungu."

"Ichi chakoma! Ika pambali."

"Nanga jombozi? Njoka ikaluma, mano amatsala pomwepo."

"Ichinso chakoma!"

Mbaula ya gasi, chakoma. Mpando wopinda, chakoma. Matiresi opopa, chijekete chaubweya, magalasi oonera patali, chikwama chapamsana choti mwana wa ng'ombe n'kulowamo, zonse chakoma.

Esinati anamukoka malaya. "Abambo, kodi mukukasaka kapena mukusamuka?"

"Za uzimba mkazi sazidziwa. Khala chete."

Loweruka amuna anasonkhana ndi agalu awo. Aliyense anali ndi thumba la feteleza lomangidwa zingwe, lolendewera paphewa. M'katimo munali pepala la pulasitiki lakuda lofolera nyumba lija, ufa pang'ono, mchere, ndi machesi otsekeredwa m'kabotolo ka mafuta odzola kuti asanyowe. Kumapazi nsapato zamatayala, m'manja chikwanje ndi mkondo wosulidwa kuchokera ku chitsulo chakutha cha galimoto. Basi.

Kenako kunatulukira chikwama chikuyenda chokha, miyendo iwiri pansi pake. Agalu anauwa.

"Alamu, siyani zina," anatero Gilibati. "Phiri ili silinyengereredwa."

"Nsanje," anatero Piyusi. "Mphawi akaona chabwino amati n'cholemera."

Sanafike n'pakati pomwe, jombo zija zinali zitamutupitsa matuza. Ankapuma ngati mvukuto, thukuta lili kamukamu m'chijekete chija, koma kuvula ayi, poti anthu akanaona bwanji kuti ali nacho? Anzake anatopa n'kumudikira pamwala uliwonse.

Atafika pamalo ogona, masana dzuwa litapendeka, kumwamba kunada. Amuna aja anadula timitengo, n'kukoka mapepala awo, kanthawi kochepa misasa yaima, moto wayaka pansi pa thanthwe. Piyusi anayala tenti yake n'kuyamba kuizungulira. Akaimika uku, uko kwagwa. Ndodo imodzi panalibe, mwina inatsala kwa azungu komweko. Mvula inamupeza akadazungulira.

"Alamu, lowani muno!"

"Ine m'pepala lofolera chimbudzi? Ndife amene!"

Anakhala pampando wopinda uja, tenti atafunda kumutu ngati mkazi wamasiye. Mbaula ya gasi inangoti fyee kamodzi, n'kuzima, osayakanso. Chakudya anadya cha anzake, atatembenukira kumbali.

Kutacha, Gilibati anagawa malo. Anati agalu akalowa m'chigwa, nguluwe ithawira kumpata wa pakati pa miyala iwiri, ndipo pampatapo anaikapo Piyusi, poti panali pafupi, posafuna kuyenda.

"Katunduyo musiye pamsasa pano, mutenge mkondo wokha."

"Ndisiye? Kuti wina adutse atole? Mukudziwa mtengo wake inu?"

Analongedza zonse, zonyowa zomwe, zolemera kuposa dzulo, n'kubereka. Mkondo umene anamubwereka Gilibati anaumangirira kuseri kwa chikwama, pansi pa mpando, kuti manja akhale ndi mpata wogwira magalasi.

Agalu anayamba kuuwa m'chigwa. Piyusi anaika magalasi m'maso, koma anawagwira chotembenuza. Anaona kanguluwe kakang'ono ngati mbewa, kali kutaliko.

"Ikadali kutali!" anakuwa. "Komanso ndi kamwana chabe!"

Pochotsa magalasi, chinguluwe chachimuna chili apa, maso ali psuu, mapazi ali gugugu. Anapapasa mkondo, dzanja linagwira mpando. Anapapasanso, linagwira mbaula. Anaona nthambi pamwamba pake, n'kuilumphira. Nthambi anaigwiradi, koma chikwama chinakana kukwera naye. Chinamukokera kumbuyo, ndiye phii! Chagada, miyendo m'mwamba, jombo zikupalasa mphepo ngati kamba wogudubuzidwa.

Nguluwe sinalabadire n'komwe zomuluma. Inaponda pamimba pake, n'kukola tenti ndi dzino, ulendo nayo kutchire.

"Alamu! Ndafa! Dzandidzutseni!"

Gilibati anafika akuthamanga, n'kuima, manja m'chiuno. "Nguluwe ili kuti?"

"Yadutsa."

"Yadutsa pati?"

"Pa ine."

Mwayi wake, amuna ena anapha yaikazi kumunsi ndi mikondo yawo yosula ija, ndiye kumudzi sanabwerere chimanjamanja. Koma chinguluwe chachimuna chija chinatsikanso sabata yomweyo n'kumaliza chinangwa cha apongozi, mpaka phata lomaliza. Piyusi anatsika phiri wopanda nsapato, jombo zili m'khosi, ndipo katundu wake anamusenzera anzake, aliyense kachidutswa, akuseka njira yonse.

Pakhomo anapeza apongozi ake atakhala pamkeka ndi Esinati. Nkhani inali itafika kale. Mayiwo sanamuyang'ane, poti mkamwini sayang'anidwa kumaso. Anangofunsa mwana wawo mokweza kuti wina aliyense amve.

"Esinati, amuna akowa akuti anagula zinthu zambiri zokoma. Nanga nyama ya zinthuzo ili kuti?"

Esinati anapitiriza kusankha nyemba, osadzutsa mutu. "Amayi, musandifunse ine. Ine ndinaliko kumsikako, ndinamva ndi makutu angawa. Ichi chakoma, ichi chakoma, Pusi anagwa chagada."