Chimdima Ankadziwa Kufa

Khonsolo inalengeza pa chimkuzamawu kuti holo yoonetseramo mafilimu ipatsidwa dzina la malemu wosoka nsapato uja, pofuna "kulimbikitsa nkhondo yothetsa tsankho." Mkazi wa malemuyo atamva, anangoti, "Tiona."

Bambowa ankadziwika ndi luso limodzi: kufa. Panalibe munthu wofa bwino ngati iwo.

Zinayamba pamene khonsolo yomweyo inapanga filimu yophunzitsa anthu kuti asamaweruze munthu poona nkhope. Ngwazi yake inali munthu wouluka, wobadwa ndi manja owala, amene anzake ankamusala. Wosoka nsapato anavala jekete n'kupita kukapempha mbali ya ngwaziyo. Mkulu wa filimu anayang'ana chipsera cha patsaya lawo ndi diso lawo lopenya kumbali, n'kuwomba m'manja.

"Bambo, nkhope iyi ndi ya chigawenga! Inu mukhala Chimdima."

"Paja mwati nkhope sitiyang'ana?"

"Zimenezo n'za m'filimu."

Ungwazi anaupereka kwa kalaliki wa msonkho, wosalala ngati sopo, amene pamaso pa kamera ankauma ngati chitseko. Koma Chimdima anasewera mpaka anthu kuiwala kuti ndi sewero. Pamapeto ankayenera kugwa kamodzi n'kufa. Iwo ankadzandira, kugwira khoma, kutsanzika dziko, kugwa, kenako n'kudzukanso.

"Ifani, bambo, batire ikutha!" ankakuwa mkulu wa filimu.

"Munthu safa mothamangitsidwa, mwanawe."

Filimu itaonetsedwa, phunziro linalowadi. Anthu anasiya kubweretsa nsapato. Mayi wina anawakwapula ndi ambulera pamsewu chifukwa chozunza mwana wamwini wouluka. Kalaliki uja anakwezedwa pantchito.

Mkazi wawo sankafuna zambiri, koma kuti anthu azitchula amuna awo ndi dzina lawo lenileni.

"Auzeni kuti ndinu ndani, bambo."

"Mayi, akandida ndiye kuti ndinasewera bwino."

Pang'onopang'ono makasitomala anabwerera, koma aliyense ankati asanatenge nsapato yake amufere kaye. Bambowo sankakana. Ankafa pakhonde, ankafa m'sitolo, tsiku lina anafa pamzere wa kuchipatala mpaka anthu anawalola kulowa patsogolo.

Tsiku lenilenilo sanadzandire, sanatsanzike dziko. Anali pampando wawo, nsapato ili pamwendo, singano ili m'manja.

"Basi, mwaonjeza. Dzukani, tiyi akuzizira," anatero mkazi wawo. Anaima pomwepo ndi kapu, kudikira kuti adzukenso monga mwa masiku onse.

Pakhonde paja tsopano pali zii. Odutsa amachepetsabe mwendo akafika pamenepo, kenako amakumbukira, n'kupitirira ndi nsapato zawo zoyasama.

Chikwangwani cha holo ija anakhoma sabata yatha. Tcheyamani wa khonsolo anadzudzula tsankho mwamphamvu, kalaliki uja anadula riboni. Mayiwo anavala magalasi, nasendera pafupi kuti aone dzina la amuna awo.

Palembedwa kuti Holo ya Chimdima.