Kaseti ya Mayi wa Gitala

Lolemba

Achimwene adutsa m'mawa ndi lole, akupita ku Makanjira kukatenga nsomba zouma. Andisiyira kaseti imene anagula kunja. Adzaitenga Lamulungu pobwerera. Mawu awo: "Usabwereke munthu, mlongo."

Woimba ndi mkazi. Nyimbo khumi, za Chingerezi, ndipo pachikuto alemba kuti zonse anapeka yekha. Gitala yamagetsi akulizanso yekha! Amayamba motsitsa ngati akuyankhula ndi munthu m'khitchini, kenako ng'oma zimalowa, iye n'kukweza mawu mpaka tsitsi kuimirira.

Chibwerereni kuno kudzaphunzitsa, zaka zitatu tsopano, palibe amene ananenapo zimene zili mumtima mwanga. Lero wazinena mkazi wosandidziwa.

Cholinga changa: kulemba mawu a nyimbo zonse m'kope, kuti kaseti ikapita mawu atsale. Ziwiri pa tsiku, Lachisanu ndamaliza.

Zofunika:
kope latsopano
mabatire anayi
chitseko chotseka
pakamwa potseka

Nyimbo yoyamba ndalemba mizere isanu. Mayiyu amameza mawu ena.

Lachiwiri

Ndikuweruka, ndikutseka chitseko, ndikuyatsa wailesi. Zenera ndaliiwala.

Abiti Saidi, oyandikana nawo nyumba, akuyanika usipa pa thandala kuseri kwa mpanda. Pa nyimbo yachitatu ndikumva "Odi!" Alowa manja ali mamba okhaokha, akhala pansi. Chingerezi sadziwa ngakhale liwu limodzi. Akulira.

"Aphunzitsi, mayiyu anamuchita chiyani?"

Ndikuwamasulira. Mkazi akuuza mwamuna kuti watopa kudikira pakhomo, makiyi wasiya pa tebulo, asamufunefune. Amuna a Abiti Saidi anapita ku Joni kalekale, kalata yomaliza inabwera mwana ali kumsana, pano mwanayo ndimamuphunzitsa sitandade 3.

"Bwezani."

Ndabweza kasanu ndi kamodzi. M'kope simunalowe kanthu. Andilonjeza, Wallahi, kuti sauza munthu.

Lachitatu

Amayi asanu ndi awiri pakhonde!

Abiti Saidi akuti sanauze munthu, anangoing'ung'udza kudooko potsuka mbale. Abwera:
akazi awo a katekisiti
anamwino a kuchipatala, yunifolomu osavula
amayi awiri ogulitsa utaka
apongozi ake a Abiti Saidi, amene nyimboyo ikunena mwana wawo
wina amene sindikumudziwa

Aliyense akuti nyimbo yachitatu ndi yake. Anamwino akuti amakonda gitala ikamakalipa pakati paja, akuti ikuwatukwanira. Akazi a katekisiti akuti iwo angobwera kudzaona ngati mulibe zolaula. Ndi amene akhala pafupi kwambiri ndi wailesi. Apongozi aja amvera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Mwamuna ameneyo analeredwa moipa." Palibe wayang'ana mnzake.

Mabatire ayamba kufooka. Mayi wa gitala akuimba ndi mawu a bambo wodwala chifuwa. Tawaika padzuwa pamwamba pa malata. Kubweza ndikubweza ndi bolopeni kuti ndisunge moto, dzanja lauma.

Ndimayenera kukhala pa nyimbo yachisanu ndi chimodzi. Ndili pa mzere wachisanu ndi chitatu wa yoyamba. Mbali yachiwiri ya kaseti sindinaimve n'komwe.

Lachinayi

Ahedi andiitanira mu ofesi pa buleki. Atseka chitseko, akuyankhula motsitsa.

"Mayi, ndamva kuti pachikuto pali mkazi wovala buluku."

Ndi zoona. Buluku lakuda, mwendo umodzi pa mpando, gitala pa ntchafu. Akuti iwo alibe nazo kanthu, koma lamulo loletsa akazi kuvala buluku ndikulidziwa, ndipo ndine wa boma, wobwera, wopanda mbale kuno. Akuti ena anasamutsidwa pa zinthu zochepa kuposa izi. Ena sanasamutsidwe, anangotengedwa.

Ndabwerera m'kalasi kukaphunzitsa masamu.

Kunyumba ndatenga bolopeni yabuluu, ndamuveka mayiyo siketi yofika m'mapazi. Mwendo wapampando uja wavuta. Tsopano akuoneka ngati wakhala m'thumba la chimanga. Pepani mayi, kuno timatero.

Ndauza amayi kuti lero kulibe nyimbo. Akhalabe pakhonde. Aimba okha, m'Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, pa mawu amene ndinamasulira ine: tatopa nawe, tatopa kudikira. Mokweza! Pafupi ndi msewu!

M'kope: palibe.

Lachisanu

A tcheyamani a chipani a dera lino afika ndikusenda chinangwa. Che Mdoka, bambo wamkulu, baji pachifuwa. Ndimawaopa chiyambire tsiku limene anandibweza pamsika chifukwa khadi la chipani ndinaiwala kunyumba.

Akuti amva kuti pano pamachitika msonkhano wa amayi wopanda chilolezo. Funso lawo limodzi:

"Mwatopa ndi ndani?"

Mpeni ndauika pansi. Ndikuti ndi nyimbo ya m'banja chabe. Akuti ndiyatse, ndimasulire mzere ndi mzere, ndisadumphe. Kope langa alitsegula, aona mizere isanu ndi itatu, alitseka. Chikuto achiyang'ana nthawi yaitali. Akuti siketi yake ndi yaulemu, koma telala wake ndi woipa.

Mbali yoyamba yatha. Akuti nditembenuze. Mbali yachiwiri ndikuimva koyamba nditakhala pansi pamaso pa a tcheyamani, ndikumasulira ngati pa khoti.

Nyimbo yachisanu ndi chitatu ilibe ng'oma, gitala yokha. Mwana wamkazi akuuza bambo ake kuti anachoka pakhomo atakangana, ndipo tsopano akufuna kubwerera koma akuopa kugogoda. Ndamasulira. Che Mdoka ayang'ana kumpanda. Abiti Saidi anandiuzapo kuti mwana wawo wamkazi anathawira ku Blantyre atakana mwamuna amene anamusankhira.

"Bwezani pamenepo. Sindinamve bwino za ndale."

Katatu.

Kenako aika kaseti m'thumba la jekete. Akuti akukaifufuza. Ndanena kuti ndi ya achimwene. Akuti achimwene nawonso ndi a dziko lomwe lino.

Sindinatengedwe. Chinangwa chapserera.

Loweruka

Tsiku limene ndinaika kuti ndidzawerengenso zonse ndi kukonza zolakwika. Zolakwika palibe.

Ndachapa. Ndasita. Ndakonza makope a ana makumi asanu ndi limodzi. Mwera ukuwomba, asodzi sanalowe m'madzi, mudzi wonse uli pakhomo, ndipo aliyense wodutsa akundiuza kuti kwa a tcheyamani kukumveka gitala kuyambira m'mawa. Nyimbo imodzi yomweyo. Kufufuza kuli mkati.

Masana Che Mdoka abwera okha, mbale yovundikira m'manja. Ndimayesa nsomba. Ndivundukule: kaseti, tepi yonse ili panja ngati matumbo a kampango. Wailesi yawo yaidya.

"Mulibe mlandu," akutero. Kenako akufunsa ngati ndingawalembere keyala pa envulopu. Ya ku Ndirande. Ndalemba.

Ine ndi Abiti Saidi takhala pa mkeka mpaka dzuwa kupendeka, iwo akuwongola tepi ndi zala, ine ndikukulunga ndi bolopeni. Poduka talumikiza ndi kyuteksi wa anamwino. Ikulira, koma nyimbo yachisanu ndi chitatu yafupika, ndipo yachitatu ili ndi chidikhodikho.

Lamulungu

Kutchalitchi akazi a katekisiti andigwira dzanja nthawi yaitali.

Achimwene afika masana, lole ikununkha nsomba. Ndawapatsa kaseti, ndaulula zonse: siketi, a tcheyamani, kyuteksi. Aseka mpaka kutsamira tayala. Akuti iwo saikonda n'komwe, anaigula akuyesa ndi rumba. Koma analonjeza kale mlamu kuti amubweretsera, ndiye iyenera kupita.

Atakwera, injini ikulira, atulutsa mutu pa zenera.

"Koma bwanji sunangoijambula pa kaseti ina? Ansembe anuwa ali ndi wailesi ya makaseti awiri, ndinawabweretsera ndine."

Nyumba ya ansembe ndimaiona ndili pakhonde panga.

Ndaima pamsewu mpaka fumbi litatha. Zimene ndatsala nazo: mizere isanu ndi itatu, iwiri mwa iyo ndikukayika, ndi mabatire anayi akufa. Dzina langa tsopano likudziwika ku chipani.

Abiti Saidi akuti mawa apita kwa ankhoswe kukanena kuti iwo atopa. Akufuna ndiwaperekeze ndikaweruka. Ndavomera.

Mawa sitandade 3, kugawa kwa manambala aatali. Choko chatha.