Ufa Wanga wa Sola Unayenda Nyumba Zitatu

Mpaka lero ndikaona therere mtima umandigunda, ndipo wolakwa ndine ndemwe.

Ndili m'chaka chomaliza ku yunivesite, ndinatha miyezi inayi mu labu ndikupanga ufa woyera wa zinki, wa timibulu tosaoneka ndi maso. Ufawu amaupaka pagalasi kuti lizisandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi, monga ichitira sola. Ndinalephera kasanu konse. Pomaliza ndinapeza masupuni atatu okha, ndipo digiri yanga yonse inali m'masupuni amenewo.

Tchuthi chitafika ndinaopa kuti oyeretsa labu angautaye. Ndiye ine wanzerune ndinauthira m'kabotolo kosalemba kanthu, n'kupita nako kwathu ku Nsaru. Pofuna malo ouma, ndinakaika pashelefu ya kukhitchini, pafupi ndi mchere (inde, munthu wa sayansi).

Tsiku lotsatira masana ndinapeza kabotolo palibe.

"Amayi, kodi kabotolo kanali apa kali kuti?"

"Ka soda kaja? Anabwera anaPhiri a kuseriku, akuti akuphika therere. Ndikanawamana?"

Ndinaliyatsa liwiro wopanda nsapato. AnaPhiri anati iwo anapeza chidulo, kabotoloko anapatsira apongozi awo. Apongoziwo anati kapitirira kwa anaBanda, mtsogoleri wa amayi a mvano kumpingo kwathu. Njira yonse ndinkangoona banja lathunthu litagonekedwa kuchipatala, ine ndikubwereza chaka.

AnaBanda ndinawapeza pakhonde. "Mwadya kale?" ndinafunsa ndili wefuwefu.

"Mwana iwe, moni unamusiya kusukulu, eti? Soda wakoyu ngwabodza. Ndinalawa kunsonga ya chala, sawawa n'komwe. Ndikanaononga ndiwo zanga."

Ndinangokhala pansi padothi pomwepo. Sindinayambe ndasangalalapo chotero munthu akunyoza ntchito yanga.

"Nanga ufawo uli kuti?"

Analoza pathandala. Pamenepo panali nsapato zawo zansalu zopitira kumvano, zikuuma padzuwa, zoyera mbee. Anali atasungunula theka la ufa wanga m'madzi n'kuzipaka.

Theka lotsalalo linandikwanira. Galasi langa linatulutsa timagetsi tochepa, tokwanira kukhutiritsa aphunzitsi, ndipo digiri ndinaitenga.

Masiku ano botolo lililonse ndimalilemba dzina, ngakhale la madzi akumwa. Koma za sola kumudzi sazidziwa. Mlendo akafika kutchalitchi, anaBanda amandiloza monyadira: "Uyu ndi uja anakhala zaka zinayi ku yunivesite kuphunzira kupanga mankhwala a nsapato."