Masamba a Chamba cha Mkamwini

LOLEMBA

Kiyi ali m'thumba mwanga. Kiyi wa shedi!

Mkamwini wanga, bambo a Tamanda, wanyamuka m'mawa kupita ku Indianapolis. Akuti kuli maphunziro a alimi sabata yonse, m'chinyumba chachikulu pakati pa tauni. Ulimi wophunzira utakhala pa mpando. Chabwino.

Shediyo ndi nyumba ya pulasitiki kuseri kwathu, kuno kutsidya la nyanja, kumapeto kwa tauni ya South Bend. M'katimo muli chamba. Inde, chamba, ndalemba ndi dzanja langa, ine mkulu wa mpingo. Akuti ndi chosaledzeretsa, amapangira mafuta a mankhwala, ndipo chilolezo cha boma anachipachika pakhomo, m'galasi. Kwathu ku Kasungu pepala la boma lonena za chamba limabwera ndi unyolo.

Madandaulo anga, kuti ndisaiwale:

- Kwathu mkamwini amalima m'munda wa apongozi. Kuno apongozi ndi amene akugona m'nyumba ya mkamwini, chipinda cha pansi, pafupi ndi makina ochapira.
- Ndalima fodya wa bale kuyambira ndili ndi tsitsi. Palibe wandifunsapo kanthu.
- M'malo mwake m'mawa uliwonse imabwera vani kunditengera ku senta ya okalamba. Kumeneko timakhala pa mipando mozungulira n'kumaponyerana baluni. Baluni! Ine amene mabelo anga ankaima nawo azungu ku okushoni.

Koma sabata ino kulibe baluni. Mwana wanga Esinati akuti: "Adadi, bambo a Tamanda akuti mukasamala bwino shedi sabata ino, za ku senta zatha, muzithandiza konkuno."

Mwiniwake sanganene zimenezi pamaso panga. Pa mwambo ali bwino, ndisaname. Moni amapereka atawerama, maso pansi, ndipo mawu onse amadzera mwa mkazi wake. Potsazika wangoti: "Bambo, inu ndi amene mumadziwa za mbewu. Mungoyang'anira."

Wavomera yekha!

Ndalowa. Mbewu zili m'zidebe zakuda, zofika pachifuwa, zobiriwira ndithu. Madzi amabwera okha m'timapaipi. Pakona pali chifani chachikulu chikuwomba osapuma, masamba gwedegwede. Mphepo yogula! Tsamba lomenyedwa ndi mphepo limang'ambika, ndipo long'ambika limatsika giredi. Ndazimitsa. Chitseko ndatseka bwinobwino.

Ziii. Mbewu zapuma.

LACHIWIRI

Dzuwa la lero ngati la Okutobala kwathu.

Masamba apamwamba apindika! M'mphepete mwake mwakwera, tsamba lililonse ngati dzanja lopempha. Dzulo sanali chonchi.

Mmene ndikuonera:

1. Ludzu.
2. Nthenda imene mkamwini anandibisira.
3. Mkamwini anaidziwa, n'chifukwa chake wathawira ku Indianapolis.

Ndikuyamba ndi ludzu. Timapaipi tija timangodontha ngati mphuno ya mwana wachimfine. Mbewu ingakhute zimenezo? Ndatenga ndowa yokolopera. Chidebe chilichonse ndathira mpaka madzi aime pamwamba. Dzuwa litapendeka ndabwerezanso.

M'shedimo mukutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Malaya ndavula. Msana ukupweteka, koma kupweteka kokoma. Ndinali nditakuiwala.

Esinati pobwera ku shifiti yake ya kuchipatala: "Adadi, mukununkha chiyani? Musakhale pa sofa!"

Kenako: "Bambo a Tamanda aimba. Akuti musadzivutitse, zonse zimayenda zokha."

Ulemu wa mkamwini umenewo. Ine ndakhalapo mkamwini, ndimadziwa. Munthu akamati musadzivutitse, maso ake amakhala akufuna thukuta.

LACHITATU

Apamwamba akadali opindikira kumwamba. Apansi tsopano apindikira pansi! Mbewu imodzi, maganizo awiri. Olemera, olendewera, ngati makutu a galu wokalipiridwa.

Ndaimbira anzanga a Gondwe ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis. Kwathu anali kalaliki wa pa esiteti ya fodya, tsopano amalera zidzukulu ndi kuonera mpira.

Akuti: "Akulu, chamba si fodya. Funsani mwini wake."

Kufunsa mkamwini? Ine? Kuti akaimirire ku maphunziroko n'kuuza anzake kuti apongozi agonja sabata isanafike pakati?

"Ndiye funsani foni," akutero. "Masiku ano timangogugula."

Foni sinagwirepo khasu. A Gondwe nawonso sanagwirepo khasu, ankagwira bolopeni. Ndadula.

Mbewu yomwa bwino n'kumalendewerabe, imeneyo ndi njala. Ndafufuza chakudya chake. Mkamwini ali ndi timabotolo pa shelefu, ndi kasupuni koyezera ngati ka mankhwala a chifuwa. Kuumira kwake! Mu garaja ndapeza thumba lenileni, la feteleza wa kapinga. Pa thumbapo pali chithunzi cha udzu wonenepa. Ndaika dzanja limodzi pa chidebe chilichonse monga timachitira pa phando, ndakwirira ndi chala, ndathirira kuti asungunuke.

Nsapato zanyowa. Pansi pa shedi pali dambo. Ndaona chule mmodzi, ndamusiya. Nayenso ndi mlendo.

LACHINAYI

Mayo ine.

Masamba ada bii, kubiriwira kopitirira. Nsonga zakhota ngati zikhadabo za kabawi. Zina zapsa. Tsopano ndili ndi mitundu itatu ya kupindika: kumwamba, pansi, ndi kwa kabawi. Mbewu ina ya pakati ili nayo yonse.

Vani ya ku senta yaima pa msewu, diraiva waimba huta, wandibayibitsa. Akuti timu yanga ya baluni yaluza chifukwa ine kulibe. Ndabayibitsanso. Zikapitirira chonchi, Lolemba ndili m'vani imeneyo.

Zatsala ndi nsabwe. Ndayang'ana kunsi kwa masamba ndi magalasi owerengera Baibulo. Sindikuona kanthu. Koma nsabwe zochenjera sizioneka.

Mankhwala:

- phulusa la m'chowotchera nyama cha mkamwini
- sopo wotsukira mbale
- tsabola wa kambuzi wa Esinati, uja anamubisa kumbuyo kwenikweni mu firiji, botolo lonse

Ndawaza ndi tsache. Ndayetsemula mpaka mneba wathu, mayi wachizungu woweta agalu, wafuula pa mpanda kundidalitsa. Ndikayetsemula, dalitso. Ndikayetsemula, dalitso. Anthu akuno pena ndi abwino.

Madzi ndawonjezera pang'ono, poti tsabola amawawa pakhosi.

Esinati: "Adadi, zonse zili bho m'shedimo? Ndikacheke?"

Ndamuuza kuti mbewu ikakhala pa mankhwala sifuna alendo. Iyeyo ndi nesi, wamvetsa.

Funso limene landivuta: kodi chamba amachipempherera? Ndapempherera "mbewu zonse za m'dziko lapansi." Mwiniwake adziwa imene ndikunena.

LACHISANU

NDAPEZA!

Ndilembe bwinobwino, zidzukulu zidzawerenge ngati zidzaphunzire Chichewa.

Lero msana wakana ndowa. Sindinathirire. Ndangokhala pa chidebe chovundikira, kuyang'ana odwala anga. Kutentha kwake mpaka maso kuchita mdima. Ndayatsa chifani chija, chitseko ndatsegula. Osati chifukwa cha mbewu, chifukwa cha ine. Kamphepo kakundipita pa dazi, mutu wayamba kugwira ntchito.

Ndakweza maso. Sabata yonse ndakhala ndikuyang'ana masamba, osayang'ana pamwamba. Mbewu iliyonse ili ndi mitu! Pansonga mutu waukulu, m'nthambi timitu, tonenepa, taubweya, tonata, tonunkha. Maluwa! Shedi yonse yamasula maluwa ndipo palibe wathena!

Ndaseka ndekha mpaka misozi. Fodya akamasula maluwa, chakudya chonse chimathawira kumeneko, tsamba n'kumafa ndi njala. N'chifukwa chake timadula mutu, timachotsa mphukira, mphamvu ibwerere ku tsamba. Zimenezi ndinazidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Mkamwini, ndi madigiri ake awiri opachika pabalaza, miyezi yonseyi wakhala akunenepetsa akuba!

Ndatenga sizasi ya Esinati ya kukhitchini. Kwapu! Kwapu! Mzere ndi mzere. Manja akumbukira okha. Ndikudula mwaukhondo, pamwamba pa tsamba labwino, osasiya chitsa. Zala zamatana ngati ndagwira ulimbo. Ndaimba nyimbo zonse za kwaya ya abambo, zina kawiri.

Matumba akuda adzaza. Mwayi wake, lero ndi tsiku la galimoto yotenga zinyalala za m'munda. Ndawakokera pa msewu. Anyamata a galimotoyo anunkhiza, ayang'anana, andiyang'ana ine. Mmodzi wandichitira sawasha.

Ndajambula shedi yonse pa foni. Mizere yoongoka, yometedwa ngati asilikali.

Baluni, tsala bwino!

LOWERUKA

M'mawa ndasuzumira. Masamba apamwamba ayamba kutambasuka! Apansi adzuka pang'ono. Ndathena dzulo, lero achira. Umboni wina wotani?

Chifani ndachisiya chiyake. Chandizolowera.

Suti. Tayi. Tikupita ku Indianapolis, ku ukwati wa mdzukulu wa a Gondwe, ndipo mkamwini tikakumana naye komweko. Esinati akudiraiva. Njira yonse chimanga uku ndi uku, chikuuma chokha m'munda, popanda mlonda, popanda nyani. Ndikungomwetulira. Esinati: "Adadi, lero mwasangalala bwanji?" Ndati aona.

Holo ya ku Lawrence yadzaza. Zitenje, mpunga, ana oyankha m'Chingerezi. Mkamwini wabwera pa tebulo pathu, wawerama, wapereka moni. Ine foni ndapatsa Esinati, Esinati wapatsa mwamuna wake. Mwambo.

Wayang'ana. Wakuza chithunzi ndi zala. Wachepetsa. Wakuzanso. Wavula magalasi, wapukuta ndi tayi.

Kenako, koyamba chikwatirire mwana wanga, wandiyang'ana m'maso n'kundifunsa yekha: "Bambo, maluwa aja mwawasunga pati?"

Ndati galimoto ya zinyalala inatenga dzulo, asadandaule, ntchito yonse ndamaliza.

Wabweza foni kwa Esinati. Wati: "Zikomo kwambiri, bambo." Wawerama. Watuluka.

Ndimaganiza kuti wagwidwa manyazi. Ndauza a Gondwe nkhani yonse, mwatsatanetsatane. A Gondwe atsamwa ndi mpunga, anthu achita kuwamenya pamsana.

Esinati wandikokera pa khonde.

"Adadi! Mafuta aja amachokera ku maluwa! Maluwawo ndiye mbewuyo! Masamba amataya!"

Amataya?

"Ogula akubwera kumapeto kwa mwezi, adadi. Mukufuna awaonetse chiyani?"

Ndati bwanji sananene. Akuti ananena, anati musadzivutitse.

Pawindo ndikumuona mkamwini ali m'galimoto yake, injini yosalira, manja onse pa chiwongolero, akuyang'ana khoma. M'holomo akwati akudula keke.

Mbewu yanji yolima kuti utaye tsamba? Dziko lino ndi lozondoka, ndakhala ndikunena.

Keke ndadya. Inali yabwino.

LAMULUNGU

Tabwerera ku South Bend m'mamawa kuti tipeze mapemphero. Mkamwini walowa m'shedi yekha. Wakhalitsa. Potuluka wanyamula thumba la feteleza wa kapinga, lopanda kanthu, ndi chule. Chule wamuika pa udzu.

Ine ndakonzekera kukalipiridwa. Ndavala jekete kuti mawu andipeze ndili bwino. Palibe chabwera. Wandipatsa moni monga mwa masiku onse, wandifunsa ngati ndagona bwino, wanditsegulira chitseko cha galimoto.

Ku tchalitchi nkhani yatitsogolera. Koma yafika itavala zina. Mkamwini wauza anthu kuti m'shedi munalowa agwape. Ogula nawonso wawauza chomwecho pa foni, ndamumva. Munthu sangaime pagulu n'kunena kuti apongozi anga andithera mbewu. Mwana ameneyu analeredwa, ndisaname.

Abusa apempherera banja lathu "pa chiwonongeko cha zilombo zakutchire." Ndati ameni. Mokweza, kuti asandikayikire.

Bambo wina wa mu mpingo, wokonda kusaka, wandigwira dzanja pakhomo: "Agogo, musadandaule. Nyengo yosaka ikangoyamba ndibwera ndi mfuti, tithana nawo." Ndamuuza kuti asadzivutitse.

A Gondwe atumiza chithunzi cha gwape pa foni. Popanda mawu. Ndiwayankha ndikapeza choyankha.

Masana mkamwini wakhoma loko watsopano pa shedi, wa manambala. Esinati: "Ndi wa agwape, adadi." Ndati n'zoona, agwape akuno ndi ochenjera, amatsegula ndi kiyi. Kiyi wakaleyo palibe wandiitanitsa. Satsegula kanthu.

Za senta palibe wanena. Esinati wangondisitira malaya n'kuwapachika pa chitseko, nsapato zopepuka waika pansi pake. Ndamva. Vani ibwera m'mawa. Timu ikundifuna, ndipo kunena zoona dzanja langa lamanzere ndi loopsa pa baluni.

Dzuwa lisanalowe ndapita kuseri, ndaika mphuno pa pulasitiki. Chifani chikuwomba. Kupatula aja a kabawi, masamba onse atambasuka, aakulu, osalala, opanda kachibowo. Giredi yoyamba.

Agwape amenewa ntchito ankaidziwa.