Mbale za Maud Zili Pakhoma

Kukomboni ya Kalikiliki mbale ikasweka, mwini wake asanayambe n'kudandaula komwe, ba Dyton Chulu ankakhala atafika kale pakhomo ndi kathumba m'manja. Ena amati ankamva ngakhale kapu yosweka kukomboni ina ya Mtendere, koma amenewo ndi okokomeza.

Matendawa anayamba chaka chimene kampani yawo yomanga nyumba inatsekedwa, nthawi ija anthu ankalawirira kukaima pamzere wa ufa. Ba Dyton anali atamatako matailosi m'makhitchini a mabwana ku Kabulonga, ndiye maso awo anazolowera zoyera. Tsiku lina anaima n'kuyang'anitsitsa khoma la kuseri kwa mbaula ya mkazi wawo Maud, lakuda bii ndi utsi ndi mafuta.

"Amake Judith, ichi chipupa chinimvetsa nsoni. Nizafakapo matailosi."

"Matailosi? Na unga mulibe mu nyumba muno?"

"Muzaona chabe."

Maud anaonadi, ndipo anakhumbira akanapanda kuona. Bambo wamkulu, wandevu zake, anayamba kufukula m'ngalande ndi kudzala kufuna zidutswa za mbale. Akazitsuka ankazimata pakhoma ndi simenti yopempha kwa anzawo akale. Pamaliro ena mayi wina anagwetsa mbale, ba Dyton n'kuchoka m'kwaya nyimbo ili pakati. Banja loyandikana nalo litayambana n'kumagendana ndi makapu, anthu anathamangira kukaleretsa. Ba Dyton anangoima pakhomo.

"Mulamu, ponyani ija yamaluwa."

Anthu anagwira pakamwa. Maud anatha sabata osapita kumpopi, madzi akumutungira mnzake Betty.

Vuto linali loti zinthu zitathina, aliyense anabwerera ku mbale zachitsulo, ndipo zachitsulo sizisweka. Khoma linatsala ndi chigamba chakuda pakati penipeni. Tsono Maud anali ndi mbale zisanu ndi imodzi zamkombero wagolide, zimene malemu mayi ake anamupatsa pa ukwati, atazikulunga m'chitenje kuchokera ku Chipata. Zinkakhala m'kabati yagalasi. Palibe anadyerapo, ngakhale abusa.

Loweruka lina Maud anabwera kuchokera kumzere wa mafuta ophikira, n'kupeza kabati ili mbee, khoma likung'anima. Anangokhala pansi pomwepo.

"Ba Dyton, mbale za amai?"

"Zinagwa."

"Zonse sikisi?"

"Zinagwa imozi-imozi," anatero ba Dyton, akubisa hamala kumbuyo.

Maud sanalire ndipo sanakalipe. Mwezi wathunthu sanawalankhule, ndipo ankaphika atafulatira khomalo. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti linakongoladi. Azimayi ankabwera ngati odzapempha mchere, n'kuima kukamwa kuli yasa. Betty anafika ponena kuti ngakhale kuhotela kulibe zotere, Maud n'kumutulutsa.

Ba Dyton anamwalira dzinja lotsatira, chifuwa cha masabata awiri basi. Manda asanaume, mng'ono wawo Cephas anafika ndi lole pamodzi ndi achibale, akuti katundu ndi wa m'bale wawo. Nyumba sakanaigwira chifukwa inali ya malemu bambo ake a Maud, koma zam'kati anasesa. Ananyamula bedi, mipando, wailesi, kabati ija, mpaka masipuni. Maud ankangoyang'ana, osakhulupirira kuti anthu amene dzulo ankalira naye ndi omwewa.

Cephas analowa kukhitchini. "Mulamu, nanga mbale zija zagolide zamene tinamvela? Musabise."

Maud analoza khoma.

Cephas anayang'ana nthawi yaitali. Anatulutsa mpeni n'kuyesa kutokosa chidutswa chimodzi, mpeni n'kupindika. Anayesa ndi chitsulo cha mbaula, osaphula kanthu. Ba Dyton anali ndi zolakwa zawo zambiri, koma simenti ankaidziwa. Lole inanyamuka Cephas akutukwana wakufa.

Masiku ano ku Kalikiliki kwazizira. Mabanja amayambana popanda wowasankhira kapu yoponya, ndipo ana akudzicheka mapazi m'ngalande. Maud amaphika pambaula yobwereka, ndipo amaphika atayang'ana khoma. Tsiku lina Betty anamupeza akulipukuta ndi kansanza konyowa, nafunsa ngati anawakhululukira amuna ake.

"Awe, sininawakhululukile," anatero Maud, misozi ili lengelenge. "Koma vonse vamene ninasunga bwino vinayenda na lole. Vamene nasala navo ni ivi vamene anaphwanya wofuntha wanga uja."